Mmene mungayendere pa galimoto kuchokera ku Würzburg mpaka ku Füssen, njira ya mizinda yakale ndi nyumba zachifumu

Kum'mwera kwa Germany kuli njira ya makilomita pafupifupi 460 yotchedwa Romantische Straße. Imayambira mumzinda wa Würzburg, m'mbali mwa mtsinje wa Main, n'kukathera ku Füssen, m'munsi mwa mapiri a Alps kufupi ndi malire a Austria. Njirayi ndi misewu ing'onoing'ono yambiri imene anailumikiza ndi dzina limodzi mu 1950 pofuna kukopa alendo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene, ndipo mumaizindikira ndi zikwangwani zabulauni. Wofuna kungofika akhoza kudutsa pa Autobahn (msewu waukulu wa liwiro) A7 n'kukhala ali ku Füssen pasanathe maola 4, koma ndiye kuti wasiya m'mbali zonse zimene anabwerera. Ulendowu umafuna masiku 5 kapena 6. Mukaupanikiza m'masiku 3, mizinda yambiri mudzaionera pa windo la galimoto.

Kukonzekera kumayambira kumapeto kwa njira. Musanagule tiketi ya ndege kapena kubuka hotelo, yambani ndi tiketi ya ku Neuschwanstein, nyumba yachifumu yotchuka ya pafupi ndi Füssen. Mkati mwa nyumbayi salola munthu kuyenda yekha: mumalowa pagulu, pa ola ndi mphindi zolembedwa pa tiketi, ndipo m'miyezi yotentha matiketi a pa intaneti amatha kudakali milungu ingapo. Mukapeza tsiku lake, werengani masiku chobwerera m'mbuyo kuti mudziwe tsiku lonyamukira ku Würzburg. Ambiri amachita mosemphanitsa, amafika ku Füssen atatopa n'kupeza kuti malo palibe.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni, Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Julayi ndi Ogasiti kumakhala anthu piringupiringu. Mu Disembala misika ya Khirisimasi imakongoletsa mizinda, koma mdima umagwa 5 koloko isanakwane ndipo misewu ya kumapiri imaterera.

Mapepala ndi galimoto

Ofunika viza ya Schengen, yolowera m'Germany ndi m'mayiko ena ambiri a ku Ulaya, akumbukire kuti imalola masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo pofunsira amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Tengani laisensi yanu yeniyeni pamodzi ndi laisensi yoyendetsera m'mayiko ena. Yachiwiriyi payokha sigwira ntchito, imangomasulira yoyambayo.

Galimoto mungaitengere pa bwalo la ndege la Frankfurt, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Würzburg pa msewu wa A3, n'kukaisiya ku Munich. Kuisiya mumzinda wina kumakhala ndi mtengo wake wapadera, choncho muufunse pobuka. Sankhani galimoto yaing'ono. Zipata za mizinda yakale anazimangira ngolo, ndipo m'malo oimikapo galimoto apansi pa nthaka mipata yake ndi yothina. Galimoto zambiri zobwereka ndi zosintha giya pamanja. Ngati munazolowera ya otomatiki, kapena ngati chiwongolero chakumanzere ndi chachilendo kwa inu, pemphani ya otomatiki kudakali nthawi, kuti dzanja lamanja lisamafufuze giya pamene maso akufufuza zikwangwani. Kampani imagwira ndalama ya chikole pa khadi ya ngongole yokhala ndi dzina la woyendetsa, ndipo ambiri sakhulupirira khadi wamba ya ku banki. Pa pepala la inshulansi yang'anani mawu akuti Selbstbeteiligung: imeneyo ndi ndalama imene mudzalipira nokha galimoto ikakalika. Musanatuluke pageti jambulani mbali zonse, malimu ndi galasi lakutsogolo, ndipo onani ngati m'buti muli chikwangwani cha makona atatu, chovala chonyezimira ndi kabokosi ka thandizo loyamba. Pa galasi payenera kukhala kachizindikiro kobiriwira kololeza kulowa pakati pa mizinda ngati Frankfurt ndi Munich. Uzaninso kampaniyo ngati mukufuna kukadutsako ku Austria.

Pa mpope wa mafuta, Super E10 ndi Super E5 onse ndi petulo. Dizilo amalemba Diesel. Tsegulani kachitseko ka thanki muwerenge zimene zalembedwa mkati. Mukalakwitsa n'kuthira petulo m'galimoto ya dizilo, musalize injini, chifukwa mafuta olakwikawo akangolowa m'pampu ndiye kuti ndalama zake zakula, ndipo inshulansi nthawi zambiri siilipira zimenezi. Mafuta a m'mbali mwa Autobahn ndi okwera mtengo kuposa a m'tauni.

Malamulo amene amakola alendo

Ku Germany magalimoto amayenda kumanja, zimenezo aliyense amadziwa. Chimene chimasokoneza ndi pamene mukutuluka pa malo oimikapo m'mawa msewu uli mbee wopanda galimoto ina yoti muitsatire. Ndi pamene dzanja limabwerera ku chizolowezi. Wokhala pambali panu azikukumbutsani.

Chikwangwani chachikasu cholembedwa dzina la mudzi ndi lamulo la liwiro ngakhale palibe nambala: kuyambira pamenepo ndi makilomita 50 pa ola. Mukaona dzinalo litadulidwa ndi mzere wofiira, mwatuluka, ndipo malire ndi 100. Pa Romantische Straße midzi imatsatana pafupipafupi, ndipo makamera a liwiro amakonda kukhala polowera. Chindapusa chimadzera ku kampani yobwereketsa, imene imawonjezerapo yake ya mapepala. Pa Autobahn pamene palibe malire, boma limalangiza 130. Kupitirira galimoto ina chakumanja n'koletsedwa, ndipo njira yakumanzere ndi yopitirira basi. Musanalowemo yang'anani pa galasi kawiri, chifukwa kadontho kamene kali kutali kamakhala kali pamsana panu m'masekondi ochepa.

Lamulo lina ndi la pa mphambano zopanda zikwangwani, makamaka m'madera a liwiro la 30: wochokera kumanja kwanu ndiye woyamba, ngakhale akutuluka m'kanjira kakang'ono. Chikwangwani chachikasu cha makona anayi choimirira pa nsonga, chokhala ndi mkombero woyera, chimasonyeza kuti msewu wanu ndi umene uli ndi ufulu. Magalimoto akayamba kuima pa Autobahn, a m'njira yakumanzere kwenikweni amakankhira kumanzere, ena onse kumanja, kusiya mpata pakati wa ambulansi. Mumachita zimenezi nthawi yomweyo, osadikira kumva sayirini. Nambala ya zangozi ndi 112.

M'galimoto mupezamo kakhadi kabuluu kooneka ngati wotchi, dzina lake Parkscheibe. Pamalo pamene kuimika n'kwaulere koma kwa nthawi yochepa, mumakazunguza kuloza theka la ola lotsatira: mukafika 10:05, muloze 10:30, n'kukaika poonekera pa galasi. Kukaiwala ndi chindapusa ngakhale mwangokhala mphindi 10.

GPS nayo ili ndi msampha wake. Mukalemba Füssen, idzakukokerani ku A7. Ikani kuti izipewa Autobahn, ndipo muzilemba tauni yotsatira yokha, kenaka ina, uku mukutsatira zikwangwani zabulauni.

Würzburg mpaka Rothenburg

Ajeremani amasiyanitsa mawu awiri amene muziwaona pa zikwangwani. Burg ndi linga, lomangidwa pofuna kudziteteza pa nkhondo, kawirikawiri pamwamba pa phiri. Schloss ndi nyumba yachifumu yokhalamo ndi yodzionetsera ulemerero. Ku Würzburg zilipo zonse ziwiri: linga la Marienberg kutsidya la mtsinje, ndi nyumba yachifumu ya Residenz mkati mwa mzinda, kumene mabishopu amene analinso olamulira dzikolo anasamukira atatopa ndi moyo wa m'linga.

Residenz anaimanga kuyambira 1720 mpaka 1744 motsogozedwa ndi Balthasar Neumann, ndipo ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse kuyambira 1981. Fikani akangotsegula m'mawa, mabasi asanabwere, ndipo masitepe ake aakulu muwakwere pang'onopang'ono. Denga la pamwamba pake ndi lalikulu koma lilibe chipilala n'chimodzi chomwe pakati, ndipo Giovanni Battista Tiepolo analijambula lonse mu 1752 ndi 1753, kuonetsa zigawo zinayi za dziko zimene zinkadziwika nthawiyo. America ndi mkazi wokhala pa ng'ona, Asia ali pa njovu, Africa ali pa ngamila. Chithunzicho anachikonza kuti chizioneka pang'onopang'ono: poyamba kukwera mumaona America patsogolo panu, ndipo Europe amatulukira pokhapokha mwafika pakati n'kutembenuka. Wothamanga saona zimenezi. Pa 16 Malichi 1945 mabomba anatentha pafupifupi mzinda wonse pamodzi ndi zipinda zambiri za nyumbayi, koma denga limeneli linapirira. Patulani maola awiri, kenaka muwoloke mlatho wakale wa Alte Mainbrücke wapansi n'kukwera ku Marienberg kukaona mzinda uli m'munsi. Pa mlathowu anthu amamwerapo vinyo wa m'deralo ataimirira. Woyendetsa adikire madzulo galimoto itagona.

Bungwe losamalira nyumba zachifumu za m'chigawo cha Bavaria limagulitsa tiketi ya masiku 14 yolowera m'nyumba zake zonse, kuphatikizapo Residenz, Neuschwanstein ndi Linderhof. Imapindulitsa ngati muonako zitatu kapena zinayi. Koma nyumba yachifumu ya Weikersheim ili m'chigawo cha Baden-Württemberg, ndipo linga la Harburg ndi nyumba yachifumu ya Hohenschwangau zili m'manja mwa eni ake ena, choncho kumeneko mulipira padera. Ndipo ngakhale muli nayo, nthawi yolowera ku Neuschwanstein muyenera kuibukabe.

Kuchoka ku Würzburg kukafika ku Rothenburg potsata chigwa cha Tauber ndi makilomita pafupifupi 100. Ku Bad Mergentheim mungangodutsa. Imani ku Weikersheim, mulowe m'nyumba yachifumu muone holo yaikulu ya cha m'ma 1600 imene m'makoma mwake mwatuluka mitu ndi matupi a nyama zoumba, pakati pake pali njovu yoti ukaiyang'ana umakayika ngati woumbayo anaionapo njovu yeniyeni. Kunja pang'ono kwa Creglingen kuli katchalitchi ka Herrgottskirche kokhala ndi guwa losemedwa ndi Tilman Riemenschneider. Mphindi 30 zikwana. Malo ang'onoang'ono ngati amenewa ambiri amatseka Lolemba, ndipo m'nyengo yozizira amafupikitsa maola.

Ku Rothenburg ob der Tauber gonani mkati mwa mpanda wozungulira tauni yakale, koma galimoto muisiye kunja, pa malo olembedwa P1 mpaka P5. Mkatimo misewu ndi ya miyala, yopapatiza, ina yolowera mbali imodzi, ndipo pali maola amene magalimoto saloledwa. Funsani hotelo ngati mungafike pakhomo kutsitsa katundu. Chifukwa chogonera muno n'chakuti kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka madzulo tauniyi imadzaza ndi alendo a mabasi, pamene m'mamawa ndi usiku imakhala zii. Dzuwa likamatuluka yendani pamwamba pa mpanda, m'kanjira ka matabwa kofoleredwa. M'khoma muziona timiyala tolembedwa mayina a anthu ndi makampani a m'mayiko osiyanasiyana: ndi amene anapereka ndalama zomangiranso mpandawu mabomba a pa 31 Malichi 1945 atagwetsa mbali ya kum'mawa kwa tauni. M'tchalitchi cha St. Jakob kwerani kuseri, m'chipinda cham'mwamba, mukaone guwa lina la Riemenschneider la Mgonero wa Ambuye, losapakidwa utoto, mmene woima pakati penipeni ndi Yudasi, osati Yesu. Pa nyengo ya alendo, 8 koloko usiku mlonda wovala zakale amayendetsa anthu m'Chingelezi kuyambira pa bwalo la msika. Makeke ozungulira otchedwa Schneeballen ali m'mawindo onse. Amaoneka bwino kuposa mmene amakomera, gulani limodzi mugawane.

Dinkelsbühl, Nördlingen ndi Augsburg

Dinkelsbühl ili makilomita osakwana 50 kum'mwera. Nkhondo sinaiwononge, choncho nyumba zake n'zakale zenizeni, ndipo anthu ndi ochepa poyerekeza ndi Rothenburg. Maola awiri kapena atatu akwana, kupatula pakati pa Julayi pa chikondwerero cha Kinderzeche pamene malo ogona ndi oimikapo amasowa.

Nördlingen, makilomita 30 kutsogolo, ndi yozungulira ngati lichero. Mpanda wake wa makilomita pafupifupi 2.7 mungauyende wonse pamwamba mpaka kubwerera pamene munayambira, ola limodzi osathamanga. Tauniyi inamangidwa mkati mwa chidzenje cha makilomita pafupifupi 25 m'mimba mwake, chimene chinakumbika ndi chimwala chochokera kumwamba zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo. Muli pansi simungazindikire. Kwerani nsanja ya tchalitchi cha St. Georg, yotchedwa Daniel, mamita 90, masitepe pafupifupi 350, ndipo muona mapiri atazinga chigwa chonse ngati mlomo wa mbale. Mwala umene anamangira tchalitchicho unapangika pa kugunda komweko, ndipo oyenda mumlengalenga a pa ulendo wa ku mwezi wa Apollo 14 anadzaphunzira za miyala kuno mu 1970. Ogona muno amamva mlonda wa pa nsanja akufuula usiku monga ankachitira kalekale.

Linga la Harburg limaonekera patali pamwamba pa mtsinje wa Wörnitz, ndipo ndi limene lingakuonetseni bwino mmene Burg yeniyeni inkakhalira: timabowo toponyera mivi, ndende, chitsime. Donauwörth mungaidutse.

Augsburg ndi mzinda waukulu, woyambitsidwa ndi Aroma m'chaka cha 15 Yesu asanabadwe. Muli masitima a mumsewu, ndipo musaime pa njanji zake podikira kukhota. Lowetsani galimoto m'nyumba yoimikamo, yolembedwa Parkhaus, muyende wapansi. Chofunika kuona ndi Fuggerei, kamudzi ka nyumba 67 kamene wamalonda wolemera Jakob Fugger anakhazikitsa mu 1521 kuti muzikhala Akatolika osauka a mumzindawu. Mpaka lero lendi yake ndi masenti 88 a yuro pa chaka, kuphatikizapo mapemphero atatu pa tsiku, ndipo zipata amatseka 10 koloko usiku. Mlendo amalipira pakhomo ndalama yoposa lendi ya zaka zingapo ya wokhalamo. Muli anthu ndithu m'nyumbazo, musasuzumire m'mawindo. Pali nyumba yapadera yoonetsa alendo.

Masitolo ku Bavaria amatseka 8 koloko usiku ndipo Lamlungu satsegula. Madzi ndi zakudya za pa njira mugule Loweruka. Sungani ndalama za m'manja ndi makobidi, chifukwa malo odyera ena a m'midzi, zimbudzi ndi makina a matiketi oimikira salandira khadi nthawi zonse.

Wieskirche ndi nyumba za Ludwig II

Kuchoka ku Augsburg kudzera ku Landsberg am Lech ndi Schongau pa msewu wa B17, mapiri a Alps amayamba kuonekera kutsogolo. Pafupi ndi Steingaden patukani kupita ku Wieskirche, tchalitchi choima chokha pakati pa msipu wa ng'ombe, chomangidwa ndi Dominikus Zimmermann kuyambira 1745 mpaka 1754. Kunja n'chachabechabe, mkati ndi golide, utoto ndi kuwala. Pa nthawi ya Misa alendo saloledwa kuyendayenda, ndiye Lamlungu m'mawa si nthawi yabwino.

Ku Füssen kapena Schwangau gonani masiku awiri. Galimoto sikwera ku Neuschwanstein. Mumaisiya pa malo olipira m'mudzi wa Hohenschwangau. Kuchokera pamenepo kukwera wapansi ndi mphindi 30 mpaka 40, ndipo chitunda chake n'chenicheni. Basi imakusiyani pamwamba pa nyumbayo, pafupi ndi mlatho wa Marienbrücke, n'kutsika wapansi mphindi 10 mpaka 15. Ngolo za mahatchi zimathera m'munsi mwake ndipo mzere wake sudziwika kutalika. Khalani mwafika m'mudzimo ola limodzi ndi theka nthawi yanu isanakwane. Pabwalo pali chikwangwani choonetsa nambala ya gulu. Yanu ikatuluka mumadutsitsa tiketi pa makina, ndipo mukachedwa ndi mphindi zochepa chabe tiketiyo yapita, sabweza ndalama. Zikwama zikuluzikulu zisiyeni m'galimoto, pobisika. Mkati kujambula n'koletsedwa, masitepe ndi ambiri, ndipo zonse zimatha m'mphindi pafupifupi 30.

Dziwiranitu chimene mukukaona. Neuschwanstein si linga lakale: mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1869, nthawi ya sitima zapamtunda, ndipo Ludwig II, mfumu ya Bavaria, anaimanga ngati maloto a nthawi zamakedzana. Anamwalira pa nyanja ya Starnberg pa 13 Juni 1886 zipinda zambiri zisanathe, ndipo patangopita milungu yochepa anayamba kulowetsamo alendo. Mu 2025 inalowa pa mndandanda wa UNESCO pamodzi ndi nyumba zake zina. Chithunzi chotchuka cha nyumbayi amajambulira pa Marienbrücke, pamwamba pa chigwembe cha Pöllat. Pitaniko m'mamawa kapena madzulo, ndipo m'nyengo ya chisanu amautseka kukaterera. Nyumba yachikasu ya Hohenschwangau, imene bambo ake Maximilian II anaimanganso m'zaka za m'ma 1830 ndipo Ludwig anakuliramo, ili ndi moyo wa banja kuposa inzakeyo. Mukafuna zonse ziwiri tsiku limodzi, yambani ndi Hohenschwangau ndipo pakati musiye maola osachepera awiri.

Tsiku lomaliza pitani ku nyumba yachifumu ya Linderhof, yaing'ono koma yokhayo imene Ludwig anaiona itatha. Njira yokongola imadzera ku Reutte ndi m'mbali mwa nyanja ya Plansee ku Austria, kenaka n'kubwerera m'Germany. Misewu imeneyi siifuna chiphaso cholipira cha Vignette, chimene chimafunika pa Autobahn ndi misewu ina ya liwiro ya ku Austria, koma pasipoti ikhale m'thumba chifukwa apolisi amatha kuimitsa pa malire. Kuchokera ku Linderhof kukafika ku Munich ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka kudzera ku Ettal ndi msewu wa A95, ndipo bwalo la ndege lili kutsidya, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, choncho onjezerani mphindi zina 45, kapena kuposa ngati ndi nthawi yoweruka. Dzazani thanki makilomita ochepa musanafike, sungani lisiti, ndipo pobweza makiyi pemphani kuti wantchito ayendere galimotoyo inu muli pomwepo n'kukupatsani pepala losonyeza kuti ilibe chilema chatsopano.